Tinasiya kuitanitsa yunifomu ku China n'kukasoketsa ku Chirimba, nde mmene zatiyendera ndi umu

Anthu angapo akhala akundifunsa za yunifomu yatsopano ya alonda athu, makamaka anzanga aja mumagwira ntchito ngati yanga yoyang'anira zogula ndi sitoo, nde ndati ndingolemba kamodzi zonse mmene zinayendera. Ndimagwira pa kampani ina yaing'ono ya alonda ndi oyeretsa m'maofesi muno mu Blantyre, anthu ovala yunifomu alipo 86, ndipo kwa zaka zambiri zovala zawo zonse timaitanitsa ku Guangzhou kudzera kwa ejenti. Mu 2025 ndi pomwe tinayesa koyamba kusoketsa konkuno, pa kafakitale kena ka ku Chirimba. Dzina sinditchula chifukwa ndinenanso pomwe anatilakwira ndipo sindikufuna kumuonongera munthu bizinesi yomwe akuikhetsera thukuta, koma ndineneretu kuti mamakisi ndikuwapatsa 4 pa 5 ndipo oda yachiwiri tinapereka kale.

Chinatichotsa ku China si kukonda dziko ayi, ndisakunamizeni, ndi dola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 tinapirira, itagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023 bajeti yathu yonse ya yunifomu inangosanduka pepala, ndipo vuto silinali mtengo okha koma kuipeza dolayo, mumalemba mafomu ku banki n'kumadikira masabata pomwe ejenti uko akukuimbira tsiku ndi tsiku kuti fakitale ikufuna ndalama zake isanatseke pa chaka chatsopano cha ku China. Kenako kumapeto kwa 2024 kunabwera ziwonetsero zija za ku Mozambique zitatha zisankho, magalimoto osayenda bwino njira ya ku Beira, makatoni athu anakhala kumeneko mpaka sitinkadziwanso kuti tiziwauza chani alonda, dzinja lonse anthu anagwira ntchito ndi mathalauza azigamba. Pofika March 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kulowetsa katundu wina m'dziko muno, pa mndandandawo panali mpaka nsapato za alonda, apa mpomwe abwana anandiitana n'kunena kuti achemwali, fodya wako ndi amene ali pamphuno, tafufuzani konkuno ngati alipo angatisokere.

Ndinayenda malo anayi. Awiri anali matelala abwinobwino koma a makina atatu anayi pakhonde, sakanakwanitsa. Ena anali akuluakulu koma oda yathu anaiona kuchepa, kotesheni anatipatsa patatha masabata atatu titasiya kale kuyembekezera. A ku Chirimba awa ndinawadziwa kudzera kwa mnzanga wa pa sukulu ina ya pulaiveti yemwe amasoketsako madiresi a ana.

Malo ake si okongola kunja, ndi shedi ya malata kuseri kwa ma weyahausi, nthawi ya mvula msewu wake ndi matope okhaokha bola kupita pa kabaza kusiyana ndi kagalimoto kotsika. Koma mukalowa mkati mumaona kuti pali dongosolo, makina ndinawerenga 14 ali m'mizere iwiri, a ovaloku osokera m'mphepete mwa nsalu awiri pakona, lina loboolera mabatani, tebulo lalitali lodulirapo nsalu ndipo kumapeto kuli atsikana awiri akusita ndi kudula timaulusi totsalira. Eni ake ndi mayi wina wa zaka za m'ma 40, olankhula pang'ono. Koma amene anandigwira mtima ndi madala ena odula nsalu, imvi mbuu, tepi ili m'khosi choko chili kukhutu, akuti anagwirapo ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead kalekale isanagulitsidwe kwa a Mapeto mu 2003.

Ndinatenga malaya amodzi ndi thalauza za ku China zija ngati sampulo kuti angotengera. Madala aja anatenga thalauza n'kuitembenuza kunja kukhala mkati, anaiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako anakoka msoko wa pakati pa miyendo ndi zala ziwiri basi ulusi n'kuyamba kuoneka mano. Anandifunsa kuti mayi, alonda anuwa amabwera bwanji ku ntchito? Ndinati ambiri pa njinga, ena wapansi kuchokera ku Ndirande, Mbayani, Machinjiri. Anati eya, iyi anasokera munthu ongoima pa chithunzi, munthu opalasa njinga kukwera chitunda cha ku Nyambadwe miyezi iwiri siikwana yang'ambika apa. Ndipo ndi zoona ndithu, mathalauza onse omwe amabwezedwa ku sitoo kwanga amang'ambika malo omwewo ndipo zaka zonsezi ine ndimangoti alonda sasamala zovala. Anandionetsa mmene aikire kansalu kena kapakati kuti thalauza izitambasuka, msoko kudutsa kawiri, thumba la foni la batani chakumbali kuti isamagwe munthu akakhala pansi, ndi kachingwe kokolekapo tochi. Palibe tsiku ejenti wa ku Guangzhou anandifunsapo kuti anthu athu amayenda bwanji, ndipo sindikumunena, iye amangotumiza zomwe taloza pa katalogi.

Apa nde ndifike pa nkhani yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi, chifukwa ndikanangoti amasoka bwino pitani ndikanakunamizani theka. Mavuto ambiri omwe tinakumana nawo pa oda yoyamba sanachokere ku Chirimba, anachokera mu ofesi mwathu momwe. Ife tinasintha kogula koma sitinasinthe kagwiridwe kathu ka ntchito, chilichonse pa kampani pathu chinazolowera oda imodzi pa chaka, kulipira, kuiwala miyezi inayi, kenako makatoni afika gawani.

Choyamba kuyeza. Ine ndinali ndi pepala langa la masaizi, M angati L angati XL angati, mayi aja anakana mwaulemu, anati ngati mukufuna zokhala bwino tiyeze munthu aliyense kamodzi kokha tilembe m'buku, mtsogolo muno muzingotchula dzina. Zomveka. Koma alonda athu ali balala, ena ku Limbe ena ku Ginnery Corner, Namiwawa, Chigumula mpaka ku Lunzu, ena a usiku ena a masana, ndipo ma supavaiza palibe anawauza kuti nkhaniyi ndi yofunika. Telala anabwera ku ofesi Lachiwiri n'kupeza anthu 9, anabweranso Lachisanu n'kupeza 6, munthu wasiya makina ake walipira minibasi. Ndinachita manyazi kwambiri. Zinatheka pokhapokha titagwirizana kuti ayeze pa tsiku la pareti ya mwezi pomwe aliyense amabwera, zomwe tikanaganiza poyamba pomwe tikanapulumutsa masabata awiri athunthu.

Chachiwiri ndalama, ndipo apa mpomwe panandipweteka mtima. Anapempha dipoziti ya 60 peresenti kuti akagule nsalu, kotesheni yawo inalembedwa kuti ikugwira ntchito masiku 7 okha chifukwa mitengo ya nsalu ku Limbe imasintha ngati nyengo. A ku akaunti kwathu anakana, akuti malamulo a kampani amati ma sapulaya a m'dziko muno timawalipira pakatha masiku 30 atabweretsa katundu. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji munthu wa ku China yemwe sitinamuonepo nkhope timamutumizira ndalama zonse katundu asanakwere n'komwe sitima, koma mayi oti titha kukwera minibasi n'kukamupeza pa makina ake tikuti ayambe watikongoza? Yankho linali loti ndi mmene timachitira. Sikuti ndi anthu oipa ayi, lamulolo analemba kalekale poganizira ogulitsa mapepala ndi sopo omwe katundu ali naye kale pa shelefu, palibe anaganizapo za munthu ofunika kugula mipukutu ya nsalu kaye. Mpaka nkhani inakafika kwa abwana kuti asaine chilolezo chapadera, panatha masiku 19, nsalu inali itakwera, kotesheni inasintha ndipo a ku akaunti omwewo anayamba kunena kuti mwaona ma lokolo sakhulupirika pa mitengo. Kuchedwa kunali kwathu.

Chachitatu alonda eni ake. Palibe anawafotokozera chifukwa chomwe tikusinthira, anangomva mphekesera kuti yunifomu ya chaka chino ndi ya telala wa ku Chirimba, nde m'mitu mwawo zinali zoti kampani yashota ikufuna kuwaveka zotchipa kwinaku ikuwadula ndalama yomweyo. Mmodzi wa akuluakulu, bambo oti agwira nafe zaka 11, anandipeza ku sitoo n'kundiuza maso ndi maso kuti madamu, ife timaima pa geti la banki, anthu amatiyang'ana, musatichititse manyazi ndi zosokedwa pakhonde. Sindinawakwiyire, tonse tinakula tikumva kuti chabwino ndi chochokera kunja, ngakhale pa kaunjika timasankha poona lebulo. Chomwe ndinachita, ndinapempha kuti atisokere kaye mapeya asanu, ndinapereka kwa anthu asanu kuphatikizapo bambo omwewo kuti avale mwezi umodzi, achape mmene amachapira kunyumba ndi sopo wa mtanda, ayanike padzuwa, kenako adzanene pa pareti pamaso pa anzawo. Atabwera anati kolala ndi yolimba kwambiri ikukhula pakhosi, ndipo thumba la malaya ndi laling'ono kabuku ka lipoti sikakulowa, koma thalauza anati sanavalepo yokhala bwino chonchi. Zodandaula ziwirizo tinakanena Lolemba, pofika Lachinayi madala aja anali atasintha patani. Kuchokera pamenepo bambo aja ndi amene amawauza anzawo kuti dikirani muone.

Palinso china chovuta kuchikamba koma ndichinene. Pa kampani iliyonse pamakhala munthu yemwe njira yakale inali ntchito yake, kwathu analipo yemwe amalankhula ndi ejenti, kuthamangitsa mapepala a kasitomu, kudziwana ndi a kiliyaringi ku Mwanza, ndipo amazidziwa bwino zedi. Titasintha palibe anakhala naye pansi kumuuza kuti udindo wake tsopano ukhala uti, nde miyezi yoyamba chilichonse cholakwika chaching'ono amachikweza mpaka kwa abwana. Ndinamumvetsa mochedwa kuti munthu amaopa kuti mawa adzauzidwa kuti ntchito yatha. Pano ndi iyeyo amene amapita ku Chirimba kukayendera katundu asanapakidwe, ali ndi diso loona msoko okhota kuposa tonsefe, bola tikanamupatsa ntchito imeneyi tsiku loyamba.

Ndipo kuyandikira nako kuli ndi matenda ake. Ku China ukatumiza oda yatha, sungasinthe. Apa poti ndi pompa, bwana uyu amaimba kuti ma epauleti a pamapewa akhale akuda, mawa bwana wina waimba kuti ayi abuluu, mayi aja mpaka anandiimbira n'kunena kuti achemwali chonde pakhale munthu mmodzi olankhula nafe, tadula kale nsalu. Anali ndi chifukwa chodandaulira.

Tsopano zolakwa zawo, chifukwa zilipo. Analonjeza masabata anayi kuchokera tsiku la dipoziti, katundu anabwera mochedwa ndi masiku 12. Zifukwa zake ndi zomwe tonse tikuzidziwa, magetsi kuzimazima ndipo jenereta ilipo koma dizilo amasowa, munthu kukagona pa mzere ku filing'i siteshoni ndi zigubu. Zimenezo ndikanamvetsa bwinobwino akanandiuza, koma chomwe chinandinyansa n'choti zinthu zitayamba kuchedwa foni anasiya kuyankha, WhatsApp ikuonetsa kuti awerenga koma zii masiku atatu, ine abwana ali pakhosi panga. Ndinachita kukwera kabaza kukaona ndekha n'kupeza ntchito ikuyenda ndithu, kungoti amaopa kundiuza nkhani yoipa. Ndinawauza kuti mayi, kundiuza kuti zichedwa si mlandu, mlandu ndi kundisiya mumdima. Pa oda yachiwiri asintha, Lachisanu lililonse amatumiza chithunzi ndi nambala ya zomwe zatha.

Chachiwiri mtundu wa nsalu. Mpukutu oyamba unatha atasoka malaya pafupifupi 60, otsalawo anagula mpukutu wina omwe buluu wake ndi owalirako pang'ono, munthu payekha simungaone koma akaima pa mzere pa pareti zimaoneka. Mazipi a mathalauza 7 anafa sabata yoyamba. Logo samapeta okha amatumiza kwina ku Limbe, ndipo pa malaya ena inakhala mopendama. Mapepala nawonso ndi ofooka, invoisi ndi lisiti la msonkho tinachita kulondalonda sabata yathunthu, ndipo kwa kampani yomwe imawerengetsa mabuku chaka ndi chaka zimenezi si zazing'ono.

Koma taonani kusiyana kwake. Mathalauza 7 aja anatuma mnyamata pa njinga yamoto kudzatenga Lachiwiri, Lachisanu anabweza ali ndi mazipi achitsulo osalipiritsa kanthu, malaya opendama logo anakonzanso. Mu 2021 tinalandirapo katoni yathunthu ya malaya olembedwa XL koma ukamuveka munthu wa M mabatani osatsekeka, tinajambula zithunzi kutumiza, ejenti anapepesa n'kulonjeza kuchotsera pa oda yotsatira, malayawo mpaka lero ali pa shelefu yapamwamba ku sitoo kwanga ndimawaona tsiku lililonse. Ndalama zimenezo zinalowa m'madzi.

Za mtengo anthu amafunsa kwambiri. Mukatenga invoisi ya ku China n'kuika pambali pa ya ku Chirimba, peya imodzi ya konkuno ndi yodulirapo, ndipo a ku akaunti poyamba amayang'ana pomwepo basi. Koma invoisi ya ku China si mtengo wake onse, onjezani sitima, galimoto kuchokera ku doko, msonkho wa pa boda, a kiliyaringi, ndalama zosungira katundu akachedwa kutuluka, dola yomwe mu 2025 pa pepala inali cha m'ma K1,750 koma ejenti akuwerengera pa mtengo wina, kuphatikiza zovala zosakwana anthu zomwe zimangokhala. Nditawerengera zonse pamodzi zinafanana, mwina konkuno kutsikirako pang'ono. Phindu lenileni kwa ife n'loti sitikumangirira ndalama zambiri miyezi inayi pa katundu ali panyanja, titha kusoketsa mapeya 20 mwezi uno 20 mwezi wa mawa mmene ndalama zikulowera, ndipo timalipira m'makwacha.

Komano tisanamizane kuti yunifomuyi ndi ya Malawi kuyambira ku ulusi. Ndinawafunsa madala aja kuti pa thalauzayi cha konkuno ndi chani, anaseka pang'ono n'kutambasula manja awo, anati awa. Nsalu yomwe tinasankha, mazipi, mabatani, ulusi, singano za makina ngakhale makinawo, zonse ndi zakunja, amagula m'mashopu a ku Limbe kapena kwa anthu okatenga ku Dar es Salaam, nde dola ikavuta nawonso imawaluma, kungoti imawaluma pa nsalu pokha osati pa chovala chonse. Zimandiwawa ndikaganiza kuti thonje timalima ku Chikwawa, Balaka, Salima, malo mu tauni muno mpaka timawatchula kuti Ginnery Corner, koma mlonda wa ku Chikwawa komweko akuvala nsalu yowombedwa kutsidya kwa nyanja. Madala aja amakamba za nthawi yomwe sayirini ikalira anthu amatuluka pa geti la fakitale ngati mpingo, ana a sukulu dziko lonse akuvala nsalu ya mu Blantyre, amakamba osadandaula koma mumaona kuti zimawakhudza. Ndondomeko ya Buy Malawi anaikhazikitsa mu 2016, ogwira ntchito m'boma n'kumalimbikitsidwa kuvala zosokedwa konkuno Lachisanu, ndipo ndi zabwino, koma ine zomwe ndaona ndi maso n'zoti matelala aluso tili nawo ambiri, ena mwa anyamata a pa shedi paja ali ndi mapepala a TEVETA, chikusowa ndi nsalu yokwanira ya mtundu umodzi, magetsi odalirika ndi makasitomala olipira pa nthawi yake. Chomalizachi chili m'manja mwa ife ogula.

Pali zinthu zomwe anakana okha ndipo ndinawalemekeza nazo. Majekete a mvula anati sangapange chifukwa alibe makina omatira misoko kuti madzi asalowe, anati tikusokerani koma alonda anu adzanyowa mudzatida. Nde amenewo tikugulabe akunja m'mashopu. Majuzi a nthawi ya chiperoni nawonso saluka. Nsapato tinagula kwina konkuno koma sizinathe miyezi yokwanira kuti ndinenepo kanthu. Ndipo ngati muli ndi oda ya zovala masauzande yofunika m'masabata awiri, malo awa si anu, makina 14 ndi makina 14.

Patha miyezi isanu ndi umodzi anthu akuvala. Dzuwa la October lawaulako mtundu pamapewa, makamaka malaya a mpukutu wachiwiri uja, nde pa oda ino tagwirizana kuti nsalu yonse agule kamodzi ndipo ine ndikaione ndisanasaine. Misoko ili nganganga, thalauza yong'ambika pakati sindinalandire ngakhale imodzi pomwe kale pofika mwezi wachitatu zimakhala zitayamba kubwera. Kwathu nako tasintha zingapo, a ku akaunti analemba lamulo latsopano lolola dipoziti kwa opanga zinthu konkuno bola munthu wathu akaone malo awo kaye, olankhula ndi fakitale ndi ine ndekha, ndipo aliyense olembedwa ntchito kumene amayamba wapita kukayezedwa.

Amene mukuganiza zoyesa, musayambe ndi oda yonse, yambani ndi mapeya ochepa muveke anthu anu ovuta kwambiri aja. Kambiranani kaye ndi a ku akaunti musanakatenge kotesheni, ndipo funsani eni fakitale kuti nsalu akagula kuti, ilipo yokwanira mtundu umodzi kapena ayi. Pitaniko nokha osangotuma, makamaka sabata yachiwiri.

Sabata yatha tinalemba mtsikana watsopano wa ku Chilomoni, wamfupi kwambiri moti nthawi ya makatoni ija akanavala malaya ofika m'mawondo mpaka oda ya chaka chamawa. Ndinapita naye Lolemba m'mawa, madala aja anamuyeza n'kulemba dzina lake m'buku lawo lachikuto cholimba lija pa nambala 87, anamufunsanso ngati amakwera njinga. Lachisanu masana mnyamata wa njinga yamoto anabweretsa mapeya ake awiri mu jumbo, Loweruka anayamba ntchito pa geti ku Limbe.